Kuchapa kunyanja: ntchito imene sitiikamba m'makalabu mwathu

Achinyamata anzanga, m'makalabu mwathu timakambirana za kudziletsa, makondomu, kuyezetsa magazi ndi kupewa mimba zosayembekezera. Zonsezi ndi zofunika. Koma pali ntchito ina imene imadya nthawi, mphamvu ndi thanzi la atsikana ambiri kuno ku Salima, yomwe sitiitchula pa misonkhano chifukwa tinaizolowera. Ntchitoyi ndi kuchapa. Pitani ku Senga Bay, ku Chipoka, ku Lifuwu kapena ku Chikombe Loweruka m'mawa, mukapeza mabeseni ali ndandanda m'mphepete mwa madzi, amayi ndi atsikana atawerama. Ine monga mlangizi wa zaumoyo ndikufuna tione bwino zimene zimachitika pamenepo, chifukwa zina mwa izo zikukhudzana ndi kachilombo ka HIV m'njira imene ambiri saidziwa.

Kodi kuchapa n'kolemera bwanji?

M'mizinda ikuluikulu muli mabanja amene ali ndi makina ochapira. Amaponyamo zovala, kuthira sopo, kudina batani, basi n'kupita kukachita zina. Makinawa amafuna zinthu ziwiri: magetsi ndi madzi a m'mipope olowa m'nyumba. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno nyumba pafupifupi 11 pa 100 zilizonse ndi zimene zinkaunikira ndi magetsi, ndipo zambiri mwa izo zinali za m'tauni. N'zoona kuti mu 2021 kuno ku Salima anatsegula malo aakulu opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 60, koma magetsiwo amalowa m'nthambo za dziko lonse. Nyumba zambiri za m'madooko athu sizinalumikizidwe. Choncho makina ochapira a kwathu kuno ndi manja ndi msana wa mtsikana.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Ndowa ya malita 20 ikadzaza imalemera makilogalamu 20, osawerengera ndowayo. Banja la anthu asanu ndi mmodzi likasunga zovala za sabata yonse, kuti muzinyike, muzipikiche ndi kuzitsukuluza kawiri mufunika ndowa zosachepera zisanu. Amenewo ndi makilogalamu 100, kulemera kwa matumba awiri a chimanga, ndipo onsewo adutsa pamutu pa munthu mmodzi. Mukawonjezera bulangete ndiye nkhani ina. Bulangete limamwa madzi ngati ng'ombe, ndipo kulifinya munthu mmodzi n'kudzipweteka dala. Pakhomo pakakhala khanda, matewera sadikira Loweruka. Pakakhala wodwala wosadzuka, kuchapa kumakhala kwa tsiku ndi tsiku, nthawi zina kawiri.

Zotsatira zake timaziona kuchipatala: msana, khosi, mapewa, komanso manja osupuka ndi ong'ambika chifukwa cha sopo wa ufa. China chimene sichifika kuchipatala ndi nthawi. Mtsikana wa Sitandade 8 kapena Fomu 2 amene wathera tsiku lonse pa beseni sawerenga madzulo, amangogona. Mlongo wake amene wavala malaya ochapidwawo anali ku mpira.

Chifukwa chake timathamangira kunyanja

Palibe amene angadabwe kuti anthu amasankha kunyamula zovala kupita nazo kumadzi m'malo monyamula madzi kubwera nawo ku zovala. Kunyanja kulibe mzere, kulibe ndalama ya komiti ya mjigo, ndipo madzi ake amachita thovu msanga. Mijigo ina ya m'mbali mwa nyanja ili ndi madzi a mchere amene amangodya sopo. Kunyanja kulinso macheza. Munthu amamva nkhani za m'mudzi, amasamba akamaliza, ana amasewera pambali. Ineyo sindinganene kuti amayi athu akuchita zopanda nzeru. Akuchita zimene zikuwapeputsira katundu.

Vuto n'lakuti wochapa amaima m'madzi nthawi yaitali, ndipo amaima m'mbali mwenimweni, pamene madzi ndi osaya, ofunda ndi odekha. Kukawomba mwera, mafunde akakula, anthu amasamukira m'matamanda, pa mabango ndi pa mathiriro a mitsinje ngati Linthipe. Kumeneko kuli ng'ona, izi mukuzidziwa kale. Koma kulinso nkhono zing'onozing'ono zimene zimasunga tizilombo ta likodzo.

Likodzo limayenda chonchi. Munthu wodwala akakodzera m'madzi, mkodzo wake umatuluka ndi mazira osaoneka ndi maso. Mazirawo amaswa, ndipo tizilombo timene tatulukamo timalowa mu nkhono. Mu nkhonomo timaswana kwa masabata angapo, kenako timayamba kutuluka tambirimbiri tsiku lililonse, makamaka dzuwa likakwera, kuyambira chakum'mawa ndithu mpaka masana. Onani kuti imeneyi ndi nthawi yomweyo imene anthu amachapa kuti zovala ziume. Tizilomboti sitifuna bala kapena chilonda. Timaboola khungu labwinobwino m'mphindi zochepa, ndipo munthu amangomva kuyabwa pang'ono kapena osamva kanthu. Tikalowa timakula n'kukhala nyongolotsi zimene zimakhazikika m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo ndi ziwalo zoberekera. Zimatha kukhala m'thupi zaka zitatu mpaka zisanu, zikuikira mazira tsiku ndi tsiku. Mazira ena amatuluka ndi mkodzo, n'chifukwa chake munthu amakodza magazi pomaliza. Ena amakanirira m'minofu, ndipo amenewo ndi amene amawononga.

Agogo ena amati kale nyanja inalibe likodzo lochuluka chonchi, ndipo mwina sakunama. Akatswiri amene anafufuza ku Chembe, ku Mangochi, anaona kuti nsomba zimene zimadya nkhono zitachepa chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono, nkhono zinachuluka ngakhale pa mchenga poyera. Kuyambira mu 2017 anapezanso m'mbali mwa nyanja ku Mangochi mtundu wina wa nkhono umene umafalitsa likodzo la m'matumbo, limene limatuluka ndi chimbudzi ndipo limawononga chiwindi. Nyanja ndi imodzi. Amene amawedza ndi maneti a udzudzu aganizirepo pamenepa.

Likodzo la atsikana ndi kachilombo ka HIV

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ambiri timaganiza kuti likodzo ndi matenda a anyamata osambira. Kwa mtsikana, mazira a likodzo amakanirira m'njira ya abambo, pa khomo la chiberekero ngakhalenso m'machubu. Pamene akanirirapo pamachita timabala, khungu la mkati limakhala lokhakhala ngati mchenga ndipo silichedwa kutuluka magazi. Mtsikanayo amamva kuyabwa kumaliseche, amatuluka chikazi chachilendo, amamva kupweteka m'chinena, ndipo ngati anayamba zogonana amamva ululu kapena kutuluka magazi akatha kugonana. Matendawa akakhalitsa angayambitse kusabereka kapena mimba yokhala m'chubu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati amayi ndi atsikana pafupifupi 56 miliyoni kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ali ndi vutoli.

Mwaona kuti zizindikirozi zikufanana ndi za matenda opatsirana pogonana? Apa ndi pamene pamachitikira nkhanza. Mtsikana wa zaka 13 amene sanagonepo ndi mwamuna akadandaula za chikazi, kunyumba amamukalipira kuti wayamba zibwenzi. Iye amachita manyazi, amabisa. Ena akafika kuchipatala amalandira mankhwala a matenda opatsirana pogonana, osachira, n'kubweranso, osachira. Chonsecho matendawo anawatengera pa beseni, akuchapa malaya a anthu omwe akumunenawo. Likodzo silipatsirana pogonana. Limachokera m'madzi basi.

Nanga HIV ikulowapo bwanji? Khungu la mkati likakhala labwino limateteza ndithu, ngakhale silitchinga kotheratu. Likakhala ndi timabala, kachilombo kamapeza khomo lotsegula. Komanso pamene pali mazira pamasonkhana asilikali a m'thupi, omwe ndi amene kachilombo ka HIV kamafuna kulowamo. Kafukufuku amene anachitika kumidzi ya ku Zimbabwe n'kusindikizidwa mu 2006 anapeza kuti amayi amene anali ndi likodzo la kumaliseche anali ndi mpata wopezeka ndi HIV wochuluka pafupifupi katatu poyerekeza ndi anzawo. Ku Tanzania, m'midzi yoyandikira nyanja ya Victoria, anapezanso zofanana. Ndiye taganizani: kafukufuku wa dziko lonse wa 2020 mpaka 2021 anasonyeza kuti pa amayi 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo, oposa 10 anali ndi HIV, pamene pa abambo anali pafupifupi 7. Zifukwa zake n'zambiri, koma kwa ife a kunyanja likodzo sitingalisiye pambali.

Anyamata musaseke. Kafukufuku wa pakati pa asodzi ku Mangochi mu 2017 ndi 2018 anapeza mazira a likodzo mu umuna wa ena mwa iwo. Ukaona magazi mu umuna kapena kumva kupweteka pokodzera umuna, usathamangire kwa asing'anga kuti akulodza.

Mankhwala alipo, dzina lake praziquantel, ndipo m'zipatala za boma ndi aulere. Ndi omwe aja timagawa m'masukulu titayeza msinkhu pa ndodo. Ena amawathawa chifukwa amachititsa chizungulire ndi nseru. Idyani kaye nsima kapena phala lokwanira musanamwe, mavutowo amachepa. Mphekesera zoti mankhwalawa amatseketsa kubereka ndi bodza. Chimene chimatseketsa kubereka ndi likodzo lenilenilo. Dziwaninso zinthu ziwiri. Choyamba, mankhwalawa amapha nyongolotsi zimene zili m'thupi koma si katemera, mukabwerera m'madzi omwe aja mutenganso. Chachiwiri, zipsera zimene zakhalitsa sizimatha zonse, n'chifukwa chake kumwa mankhwala munthu akadali wamng'ono, chaka ndi chaka, kumathandiza koposa kudikira ukulu. Atsikana amene anasiya sukulu ndi amene amaphonya kawirikawiri, pamene ndi omwewo amene amachapa kwambiri. Mukapita kuchipatala ndi zizindikiro ndatchulazi, auzeni adokotala kapena anamwino mosabisa kuti, "Ine ndimachapa ndi kusamba kunyanja." Mawu amenewa amawathandiza kuganizira za likodzo.

Kuchapira wodwala

Kuyambira pamene boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, odwala ogonera pamphasa miyezi yambiri anachepa kwambiri, ndipo kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachilombo amayamba mankhwala nthawi yomweyo. Komabe odwala akadalipo: amene anachedwa kuyezetsa, amene anasiya mankhwala, a khansa, a sitiroko, agogo okalamba. Amene amawachapira nthawi zambiri ndi mdzukulu kapena mwana wamkazi, ndipo funso limene ndimalandira kawirikawiri ndi lakuti, "Kodi sinditenga kachilombo pochapa?"

Yankho ndi lakuti ayi. Kachilombo ka HIV sikakhala m'thukuta, m'malovu, m'misozi, mu mkodzo kapena m'chimbudzi ngati mulibe magazi. Sikachedwanso kufooka kakatuluka m'thupi, ndipo sopo ndi madzi zimakawononga. Zovala za munthu amene ali ndi HIV mungazichapire limodzi ndi za banja lonse, beseni lomwelo, chingwe chomwecho. Kumupatulira beseni lakelake popanda chifukwa ndi kusalana, ndipo kumamupweteka mumtima kuposa mmene mukuganizira.

Kusamala kumafunika pamene nsalu zili ndi magazi, mafinya kapena chimbudzi cha m'mimba, ndipo apa zilibe kanthu kuti wodwalayo ali ndi HIV kapena ayi. M'magazi mungakhale matenda a chiwindi a mtundu wa B, amene amapatsirana mosavuta kuposa HIV. M'chimbudzi mungakhale kolera kapena kamwazi. Valani magolovesi, ndipo ngati palibe valani majumbo osabooka n'kumanga pa mkono, makamaka ngati manja anu ndi ong'ambika. Yambani mwachotsa zoipazo ndi kamtengo kapena masamba n'kukataya m'chimbudzi. Kenako nyikani nsaluyo m'madzi a Jik, kapu imodzi ya Jik ku makapu 6 a madzi, kwa mphindi 10, musanachape ndi sopo. Musapitirire nthawiyi chifukwa nsalu imafumbwa, komanso dziwani kuti Jik amasulutsa chitenje. Ngati Jik palibe, kapena mukuopa kuwononga chitenje cha mayi, wiritsani nsaluyo mu mphika wakale. Jik musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira, utsi wake ndi woipa. Magazi amachoka bwino ndi madzi ozizira, otentha amawaumitsa pa nsalu. Pamphasa kapena pa matiresi yalani pulasitiki, pamwamba pake chitenje chakale, kuti muzichapa chitenje m'malo mwa bulangete. Nzeru yaing'onoyi imapulumutsa ndowa zambiri.

Chimene ndikukupemphani kwambiri ndi ichi: nsalu za wotsegula m'mimba ndi matewera zisapite kunyanja. Tonse tikukumbukira kolera imene inayamba mu March 2022 n'kupitirira mpaka 2023. Inagwira anthu pafupifupi 59,000 m'dziko muno ndi kupha oposa 1,700, ndipo Salima inali m'gulu la maboma amene anavutika kwambiri. Pamene inu mukutsukuluza thewera, mamita ochepa kuchokera pamenepo wina akutsuka usipa, wina akutunga madzi akumwa. Madzi ochapira nsalu zotere athiridwe m'chimbudzi kapena m'dzenje, kutali ndi mjigo ndi chitsime.

Ngati wochapayo ndi amene ali ndi HIV ndipo chitetezo chake chatsika, asamale kwambiri ndi nsalu za otsegula m'mimba, chifukwa matenda amene ena amachira msanga iye angamugwetse.

Ndalama ya sopo

Kuno kwathu mwamuna akapatsa chibwenzi chake ndalama amati ndi "ya sopo". Mawuwa sanangobwera. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo sopo anakwera limodzi ndi zina zonse. Pakhomo pakasowa ndalama, chimayamba ndi ufa, ndiwo ndi mchere. Sopo amabwera pambuyo. Koma mtsikana amene ali kumwezi, yemwe ali ndi yunifomu imodzi ndi nyanda zofunika kuchapa usiku uliwonse, kwa iye sopo sabwera pambuyo. Pa dooko pali anthu amene ali ndi ndalama za m'thumba tsiku lililonse, ndipo ena mwa iwo amadziwa bwino nthawi imene atsikana amabwera kudzachapa. Mtanda umodzi wa sopo wagwetsa atsikana ambiri m'mavuto a moyo wonse, ndipo munthu amene wakugulira sopo ndi wovuta kumuuza za kondomu.

Makolo, azakhali ndi amalume auzidwe zimenezi mosapsatira, ndipo kalabu ndi imene ingawauze kudzera m'masewero. Wina akagwiriridwa pa njira ya kudooko, apite kuchipatala asanathe maola 72 kuti alandire mankhwala a PEP oteteza ku HIV, ndipo akafulumira kwambiri ndi pamene amagwira bwino ntchito. Nambala ya 116 ndi yaulere kwa ana ndi achinyamata ofuna thandizo.

Za nyanda ndiwonjezereko pang'ono. Chifukwa cha manyazi ambiri amaziyanika kunsi kwa mphasa kapena kuseri kwa thumba m'chipinda, n'kuzivala zisanaume. Nyanda yonyowa imayambitsa zotupa ndi mauka. Iyanikeni padzuwa, muiphimbe ndi chitenje chopyapyala ngati mukuopa maso a anthu.

Poyanika

Kuyanika pa mchenga kapena pa udzu n'kofulumira, koma pali ntchentche ina imene imaikira mazira pa dothi lokodzeredwa ndi pa zovala zonyowa, makamaka za pa mthunzi. Mukavala, timphutsi timalowa pakhungu n'kutupa ngati chithupsa chokhala ndi kabowo pakati. Makanda ndi amene amavutika kwambiri. Chingwe cha padzuwa ndi nsimbi ya makala yotentha bwino zimathetsa vutoli. Pakhomo pakagwa mphere, zovala ndi zofunda za onse zichapidwe ndi madzi otentha tsiku lomwe mwayamba kudzola mankhwala. Bulangete limene simungathe kuliwiritsa limangeni m'thumba la pulasitiki kwa sabata imodzi.

Nanga tichite chiyani poti nyanja sitingaisiye?

Kuuza munthu wa ku Senga Bay kuti asakhudze madzi a m'nyanja ndi kutaya nthawi. Chimene tingachite ndi kuchepetsa nthawi imene khungu lili m'madzimo. Tizilombo ta likodzo tikatuluka mu nkhono sititha masiku awiri tisanafe ngati sitinapeze munthu. Ndiye madzi a m'nyanja mukawatunga Lachinayi n'kuwasunga mu mgolo kapena m'zigubu, pofika Loweruka amakhala abwino kuchapira ndi kusamba, bola musatungire limodzi ndi nkhono ndi zinyalala. Vindikirani mgolowo kuti udzudzu usaswanemo. Akumwa ndi nkhani ina, amenewo amafunikabe klorini kapena kuwiritsa. Potunga sankhani pa mchenga poyera, kutali ndi mabango, m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndipo tulukanimo msanga. Kuchapira pa mtunda ndi madzi otunga kumene kumachepetsako ngozi poyerekeza ndi kuima m'madzi mpaka m'mawondo kwa maola atatu, koma sikuithetsa, chifukwa manja ali m'madzi omwewo. Matamanda amene anatsala nyanja itasefukira m'makomo mu 2024, ndi ena otere amene amabwera ndi dzinja, apeweni kotheratu.

Mudzandifunsa kuti, madzi a mu mgolowo atunge ndani? Apa ndi pamene anyamata a m'kalabu mukufunika. Njinga imene imanyamula basiketi ya usipa kupita ku msika wa Kamuzu Road ingathenso kunyamula zigubu ziwiri ulendo umodzi, malita 40 amene mlongo wanu akanayenda nawo maulendo awiri pamutu. Asodzi akakhala ku chilumba cha Mbenje nyengo yonse ya usodzi amadzichapira okha, asilikali amadzichapira, anyamata a ku sekondale yogonera amadzichapira. Palibe mmodzi wa iwo amene anasanduka mkazi. Jinzi yanu ndi imene imalimba kwambiri pa zovala zonse za pakhomo, yambani ndi imeneyo.

Kalabu ingapitenso kwa amfumu ndi komiti ya mjigo kukapempha malo ochapira a simenti, otalikirana ndi mjigo, okhala ndi ngalande yopita ku dzenje la miyala kuti madzi asadikhe. Njerwa, mchenga ndi miyala tingasonkhe tokha, chogula ndi simenti basi. Akawumba chochapirapo chofika m'chiuno, munthu amachapa ataimirira ndipo msana umapuma. Pa msonkhano wanu wotsatira lembani makomo a m'mudzi mwanu amene muli wodwala wosadzuka kapena agogo olera ana amasiye, mugawane masiku otungira madzi, awiriawiri, mnyamata ndi mtsikana. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu mumufunse tsiku limene praziquantel adzagawidwe, ndipo mumupatse chiwerengero cha atsikana amene sali pa sukulu kuti nawonso awerengeredwe.